Mayi Tonsefe, Amene Sankatha Kudya Nthochi Okha

Mayi Tonsefe anali ndi matenda amodzi amene palibe chipatala chinawatha: sankatha kulandira chinthu chabwino n'kukhala nacho okha. Muwapatse nthochi imodzi, ayamba kutembenuza khosi kuwerenga anthu amene ali pafupi, kenaka aitanitsa mpeni. Muwayamikire kuti diresi lawakhala, akutumizani kwa telala kuti mukamuuze nokha. Ena amachita kulumbira kuti tsiku lina adokotala atawabaya jakisoni, Mayi anafunsa ngati m'kabotolomo simunatsale pang'ono, poti mlonda wawo nayenso ankatsokomola.

Dzina limeneli linachokera pakamwa pawo pomwe. Iwo anali mwini shopu ya mipando, matebulo ndi makabati, ija ili kumapeto kwa msewu wa akalipentala. Kasitomala akasisita tebulo n'kufunsa kuti wapanga ndani, yankho linali limodzi chaka ndi chaka: "Tonsefe, bambo."

Munthu amene yankho limeneli linkamulasa mumtima anali mlamu wawo, a Sikweya. Iwowa anali mng'ono wa malemu amuna awo a Mayi, amene anayambitsa shopuyo ndi benchi imodzi ndi sowo yobwereka. Mwini wake atamwalira, Mayi anatenga makiyi, a Sikweya n'kutsala pa benchi, ndipo anakhala choncho zaka makumi atatu, wina akugawa, wina akudandaula. Dzina lawo linachokera ku sikweya, kachitsulo kaja akalipentala amayezera makona, chifukwa sikankachoka m'thumba mwawo ngakhale popita ku ukwati. Akalowa m'nyumba mwanu, moni unkabwera pambuyo. Maso ankayamba athamangira pa chitseko kuona ngati chapendekeka. Koma luso lokha, abale, tisanamizane. Munthu ankapala thabwa mpaka ntchentche ikaterapo inkachita kutsetsereka.

"Alamu," ankatero kasitomala akangotuluka, "tebulo lija ndapanga ndine. Masiku khumi ndi limodzi."

"Zoona, alamu. Nanga matabwa anabwera okha?"

"Anabwera nawo ndi dalaivala."

"Eya. Nanga utuchi unadzisesa?"

"Ndiye mukuti wosesa wapanga tebulo?"

"Mukanaterereka pa utuchi n'kuthyoka mkono, tebulo akanamaliza ndani?"

A Sikweya ankangopita kukakwiyira thabwa.

Pofuna kuthetsa mikangano yotereyi, Mayi anapeza njira imene inangoikuza. Analamula kuti kunsi kwa katundu aliyense wotuluka m'shopu kuzimatidwa pepala la mayina a onse amene anagwirako. Pa tebulo lalikulu mayina ankakwana bwinobwino. Pa kampando ka mwana mndandanda unkatsika ndi mwendo uwu n'kukwera ndi mwendo winawo. Ndipo poopa kukondera, Mayi ankalemba mayinawo motsata amene wafika msanga pantchito. Mlonda, poti kunkacha ali pomwepo, dzina lake linkatsogolera pa pepala lililonse.

Tsiku lina m'mawa kunaima galimoto yaitali, mukutuluka bwana wonunkhira.

"Ndinagula kabati kuno," anatero. "Ndabwera kudzagwirana chanza ndi mmisiri wamkulu, uja ali pamwamba pa pepala."

A Sikweya anapukuta manja pa epuloni n'kusendera poonekera. Mayi anaitana mlonda, amene anali akupinda chijasi chake kuti azipita kukagona. Bwanayo anamugwira mkono ndi manja awiri.

"Luso limeneli munaliphunzira kuti, bambo?"

Mlonda anayang'ana Mayi, anayang'ana a Sikweya, kenaka anagwetsa maso modzichepetsa. "Aa, bwana, n'kupirira basi. Ntchito yathuyi imafuna munthu wosagona."

Tsiku limenelo a Sikweya anapala thabwa limodzi mpaka linkaonetsa dzuwa.

Koma nkhani imene ankaifotokoza mpaka kuuma kukhosi ndi ya chikho. Chaka china kunali chionetsero cha amisiri m'holo yaikulu, ndipo a Sikweya anapanga mpando wandalema wopanda msomali ndi umodzi womwe, matabwa akungogwirana okha ngati zala. Oweruza anaukhalira mosinthana, mmodzi mpaka anayamba kusinza. Unaposa mipando yonse. A Sikweya anali atakonzeka kale: anagula tayi, anameta, ndipo mawu awo othokoza anawayeserera masiku atatu pamaso pa akazi awo, mpaka akaziwo anawaloweza n'kumawakumbutsa akadumpha mzere.

Woyendetsa mwambo ataitana mwini shopu kuti abwere ndi mmisiri wake, Mayi anakwera pa nsanja n'kumulanda chimkuzamawu.

"Pepani bambo, mmisiri si mmodzi."

Anayamba kuitana. Ocheka awiri. Mayi Vanishi, amene ankapaka mipando mpaka munthu n'kudzionamo nkhope. Dalaivala. Wosesa. Mlonda. Mayi wogulitsa tiyi pa geti, "poti popanda tiyi wawo anthu anga amadzicheka zala." Nsanja inayamba kulira, kwii, kwii. Mlendo wolemekezeka anaima ndi chikho m'manja osadziwa woti amupatse, mpaka anangochisanjika pa mulu wa manja n'kutsika msangamsanga nsanja isanamugwetse.

M'mawa mwake chithunzi chinatuluka m'nyuzipepala. Aliyense ankaoneka, mano mbee. A Sikweya anali ataima kumbuyo kwa dalaivala, munthu wamtali ndi wotakata ngati kabati ya zitseko zitatu, ndipo chimene chinaoneka cha iwo ndi khutu lakumanzere. Chithunzicho anachidulabe, n'kujambula muvi woloza khutulo.

"Basi chikhochi chikhale mu ofesi," anatero, poganiza kuti apa pokha sangatsutsidwe.

"Achione ndani mu ofesi, alamu? Ana a anthuwa achione kwawo. Nyumba iliyonse sabata imodzi."

Anachita maere, a Sikweya n'kutola nambala yomaliza. Kwa dalaivala chikho chinathirira madzi mu injini ya lole. Kwa mayi Vanishi chinasunga mabatani. Kwa wosesa ana anachiyesa chipewa cha asilikali. Kwa mlonda chinapita n'kukhalirira. Sabata yachiwiri itatha a Sikweya anafunsa, ndipo mlonda anayankha akukanda m'mutu kuti nkhuku yake yaikiramo mazira, ndipo yayamba kufungatira.

"Ichotseni!"

"Alamu," Mayi analowererapo, "masabata atatu okha. Mukufuna anapiye abadwire pa dothi ngati kwawo sikunapambane?"

Chikho chinafika kwa a Sikweya patatha miyezi isanu, chili ndi chogwirira chimodzi, mbali ina italowa mkati, kanthenga katakanirira pansi. Anachitsuka Loweruka lonse. Mlonda, amene matenda a Mayi anali atamulowa, anagawa anapiye aja kwa anzake, a Sikweya n'kulandira katambala kamene katakula kankalira masana okhaokha.

Zonsezi zinali zazing'ono. Chachikulu chinali chakuti Mayi ankagawa ndi shopu yomwe. Munthu akagwira zaka zingapo, ntchito n'kumulowa m'manja, ankamuitanira mu ofesi n'kutseka chitseko.

"Mwakula. Kuno mukungotidzazira malo."

Munthu ankatuluka misozi ili m'maso poganiza kuti ntchito yatha, n'kupeza panja lole itapakira benchi, sowo, hamala, matchizulo, dalaivala ali ndi kapepala ka makasitomala atatu oti ayambe nawo. Umu ndi mmene msewu uja unadzazira akalipentala. Mashopu asanu, onse obadwa m'shopu imodzi, onse akulimbirana makasitomala ndi amene anawabala.

"Alamu, mukuweta anthu oti atilande chakudya pakamwa."

"Ine ndi inu tili ndi pakamwa pangati, alamu? Tidya zochuluka bwanji?"

Kasitomala akabwera kufuna bedi la ana, Mayi ankamuperekeza mpaka pa geti n'kuloza. "Ifenso timapanga, koma pitani chitseko chachitatu icho. Mabedi amawatha kuposa ife, komanso akazi ake angobereka mapasa." A Sikweya anagula maloko awiri a bokosi la zida zawo kuyambira tsiku limene anaona pulena yawo yachiwiri yopalira matabwa ikutuluka pa geti m'khwapa mwa munthu wina, Mayi akuibayibitsa.

Mwa onse asanuwo, amene ankawawawa kwambiri anali a Kamsomali, bambo wamfupi, wakuthwa pakamwa. Iwowa atangotsegula shopu yawo, anakhoma chikwangwani chachikulu chonyoza anzawo onse. Ankafuna kulemba kuti mipando yawo ndi yoposa yonse mumsewumo, koma dzanja linawapereka. Kutacha anthu anawerenga: MIPANDO YOPUSA YONSE ILI PANO.

A Sikweya anaseka mpaka kukhala pansi. Anthu amene anagwira nawo ntchito zaka khumi anaona mano awo akumbuyo koyamba tsiku limenelo.

"Alamu, ndapota nanu, musawauze. Chikhale sabata imodzi yokha."

Pofika masana Mayi anali pamwamba pa makwerero ndi burashi m'manja, akukonza chikwangwani cha munthu amene ankawanyoza, a Kamsomali atagwira makwerero m'munsi, akulangiza kuti zilembo zikule.

Panali chinthu chimodzi chokha chimene a Sikweya sankachidandaula mokweza. Iwo sanaitanidwepo mu ofesi muja. Akafunsidwa ankati alibe nazo ntchito, shopu yakeyake ndi mutu wopweteka chabe. Koma nthawi iliyonse chitseko chija chikatsekeka munthu wina ali mkati, pulena yawo inkaima, ndipo ankakhala kanthawi akuyang'ana thabwa ngati pali cholembedwa.

Ndiye kunabwera oda ya madesiki. Sukulu ina yatsopano inkafuna madesiki mazana asanu ndi atatu m'masabata asanu ndi limodzi, ana asanatsegulire. Oda yotere imagogoda kamodzi pa moyo wa shopu. A Sikweya anapita kwawo atakonza kale zonse m'mutu: aganyu khumi, makina atsopano ochekera, chikwangwani choposa cha a Kamsomali. M'mawa mwake anapeza eni mashopu asanu aja ali m'shopu, makapu a tiyi m'manja, a Kamsomali atakhalira benchi yawo miyendo ili lendelende. Mayi anali akugawa madesiki ngati nthochi.

"Alamu, tionane panja."

Anatuluka.

"Oda iyi aipereka chifukwa cha dzina lathu. Desiki imodzi ikakagwedera, akatukwana ife."

"Ndiye tionetsetse kuti isagwedere."

"Zaka zonsezi ndakhala ndikuonerera mukugawa thukuta langa. Lero lokha ayi."

"Alamu, tokha sitimaliza, inunso mukudziwa. Ndipo tikamaliza, tidzakhala ife okhuta pakati pa anzathu asanu anjala. Msewu wotero ine sindingayendemo."

A Sikweya anavula epuloni, anaipinda makona anayi ofanana, anaiika pa benchi pafupi ndi a Kamsomali, n'kunyamula bokosi la zida zawo. Aliyense ankadziwa kuti popanda bambo ameneyu madesiki aja akagwa ndi ana omwe, dzina la shopu n'kugwera limodzi.

Tsiku loyamba kunyumba anapala chitseko chakukhitchini chimene chinkakhula pansi. Lachiwiri anapala zitseko zonse. Lachitatu mphepo inkalowa m'nyumbamo ngati kwawo, ndipo akazi awo anaimba foni ku shopu: "Bwerani mudzatenge munthu wanu. Watsala pang'ono kupala ine."

Mayi anafika masana pa lole. Za ntchito sanatchule ndi liwu limodzi. Anangouza dalaivala kuti atsitse desiki imodzi aiike pabwalo, "tiikepo makapu." Tiyi atabwera, Mayi anaika kapu yawo pa desikipo n'kuyamba kukamba za maondo awo. Desiki inapendekeka. Kapu inayamba ulendo, pang'onopang'ono, kulowera kumapeto. Itatsala pang'ono kugwa, Mayi anaibweza pakati osayang'ana, n'kupitiriza za maondo. Kapu inayambanso ulendo.

A Sikweya anayang'ana kumwamba. Anayang'ana zala zawo zakuphazi. Thukuta linayamba kutsika m'khosi. Kapu itanyamuka kachinayi, munthu anaphulika.

"Wapanga chinyalala ichi ndani?"

"A Kamsomali. Akuti mawa ayamba ena zana limodzi ndi makumi atatu ofanana nayo."

"Ana a anthu akakhalire ichi?"

"Ine ndingadziwe chiyani, alamu? Ine ndine wa makiyi chabe."

Mawuwa asanathe, a Sikweya anali atagona kale chagada kunsi kwa desiki, sikweya m'manja, akutukwana mwendo uliwonse paokha.

Kuyambira m'mawa mwake anakhala woyendera mashopu onse asanu ndi limodzi. Ankayenda ndi choko kuchokera kumapeto kwa msewu kukafika kumapeto enawo, ndipo desiki imene aikhwatcha inkabwerera pa benchi popanda apilo. Sabata yoyamba a Kamsomali anawabwezera madesiki khumi ndi asanu ndi anayi, ndipo mkangano wawo unkamveka mpaka kokwerera basi. Sabata yachiwiri a Sikweya anatopa. Anakankha a Kamsomali pa benchi, n'kuwaonetsa kalumikizidwe ka miyendo kamene anakhala akukabisa zaka zonse, kaja ankachita atatembenukira kukhoma. Pofika madzulo msewu wonse unali utakadziwa.

"Musayese chifundo," ankauza aliyense. "Choko chandithera."

Madesiki anatha kutatsala masiku awiri. Pa tsiku lowapereka, pabwalo la sukulu panadzaza ana, makolo ndi aphunzitsi. Mphunzitsi wamkulu anafunsa Mayi kuti athokoze ndani. A Sikweya, podziwa mmene zimathera, anali atapita kale okha kukaima kumbuyo kwa dalaivala.

"Lero ndi munthu mmodzi," anatero Mayi. "Alamu anga, a Sikweya."

Dalaivala anasuntha. A Sikweya anapezeka ali poyera, kenaka ali kutsogolo, okhaokha, chimkuzamawu chili pamphuno. Anayang'ana kumanja, palibe munthu. Kumanzere, palibe munthu. Chinthu chimene anachilakalaka moyo wawo wonse chinali m'manja mwawo, ndipo ankamva ngati atuluka m'bafa ataiwala thaulo.

"Ine... madesiki awa..."

Maso awo anagwera pa a Kamsomali, amene anali ndi bandeji pa chala chachikulu.

"Madesiki a m'kalasi yachitatu apanga ndi a Kamsomali awo. Ndi owongoka. Zinatenga nthawi, koma ndi owongoka."

Anthu anaomba m'manja. Basi, pakamwa pa a Sikweya panatseguka. Anatchula wocheka aliyense ndi zimene anacheka, anatchula mayi Vanishi, anatchula amene ankanola masowo, anatchula akazi a eni mashopu amene ankabweretsa chakudya pa benchi. Aphunzitsi anayamba kusamutsira ana pamthunzi. Patatha mphindi makumi anayi anamaliza, anapukuta thukuta, n'kutembenuka kuti azikakhala pansi. Kumzere wakutsogolo kunamveka kunong'ona kumene bwalo lonse linamva:

"Alamu, mwaiwala mlonda."

Matenda enieni, aja opanda nthabwala, anabwera patapita zaka zitatu. Mayi anayamba kuonda, kenaka anawagoneka m'chipatala. Msewu wonse unkapita ndi zipatso, mkaka, mabulangete. Akabwereranso mawa lake ankapeza wodi yonse ikutafuna, bulangete lili pa bedi la munthu wina. Anamwino analetsa, analetsanso, mapeto ake nawonso ankatuluka ndi malalanje m'matumba.

Lachinayi lina masana a Sikweya anapita okha. Anakhala pa mpando wachipatala umene unkagwedera, koma sanaunene. Anakamba za matabwa osauma amene anabwera sabata imeneyo. Nkhani itatha anayamba kuzunguza chipewa m'manja.

"Alamu, ndifunseko. Anthu asanu munawaitanira mu ofesi muja. Ena ndinawaphunzitsa ndine kugwira hamala. Nanga ine? Ndinali wosakwana?"

Mayi anatseka maso.

"Benchi yanu ndinaikwezetsapo pa lole kawiri," anatero. "Kawiri konse inu mutapita kokagula matabwa. Kawiri konse ndinaitsitsa musanabwere."

"Chifukwa?"

"Umbombo, alamu."

"Inu?"

"Ine amene. Ndinkagawa mopanda mantha chifukwa ndinkadziwa kuti kumbuyo kwanga kuli munthu akuyeza makona. Mukanachoka inu, ndikanagawira anthu chiyani? Mipando yopusa? Zonse ndinapereka, koma inu ndinakuumirani. Mundikhululukire."

A Sikweya anaika chipewa pa bondo. "Mukanandifunsa, ndikanakana."

"Ndikudziwa. Komabe ndinayenera kufunsa."

A Sikweya anatembenukira kuzenera. Kenaka anati felemu ya zeneralo inaikidwa ndi munthu woledzera. Mayi anaseka mpaka kutsokomola, namwino n'kubwera kudzathamangitsa a Sikweya.

Mayi anamwalira Lolemba lotsatira, dzuwa litangotuluka.

Uthenga utafika, mashopu onse anatseka. Koma pasanathe ola limodzi, kuseri kwa zitseko zotsekazo masowo anayamba kulira. Aliyense anali akupanga bokosi la maliro. Pofika masana amuna akuluakulu anali pakati pa msewu, maso ofiira, akulozana zala, aliyense akuti Mayi akagona m'bokosi lake. Mwana wamkazi wa Mayi, amene ankagwira ntchito kutali ndipo za matabwa sankazidziwa, anathamangira kwa a Sikweya.

"Bambo aang'ono, ndisankhe la ndani? Amene ndimukane sadzandilankhulanso."

A Sikweya anatuluka n'kuima pakati pawo. "Bokosi limakhala ndi mbali zingati?"

Anthu anawerenga pa zala. Pansi, chivundikiro, m'mbali muwiri, kumutu, kumiyendo.

"Nanga mashopu tilipo angati? Aliyense abweretse mbali imodzi. Kulumikiza ndilumikiza ine."

Linatuluka bokosi lamawangamawanga, thabwa ili lofiirira, ilo loyera, linalo lakuda, poti aliyense anatulutsa thabwa limene ankalisungira tsiku lalikulu. Atamaliza kulumikiza, a Sikweya anayendetsa sikweya pa makona onse monga mwa nthawi zonse. Kumiyendo, mbali ya a Kamsomali, kona inathawa pang'ono, mwina ngati kunenepa kwa chikhadabo. A Kamsomali anali ataima pomwepo. A Sikweya anabweza sikweya m'thumba.

"Lili bwino," anatero.

Mayi anasiya atalemba kuti shopu ndi ya onse ogwira ntchito mmenemo, a Sikweya akhale woyang'anira. Ntchito ikuyenda ndithu, mipando ikutuluka yowongoka ngati kale. Koma msewu uja unazizira. Nthawi ya tiyi anthu amamwa msanga n'kubwerera ku mabenchi. Palibenso amene amaima pakati pa msewu kukuwira anthu a mashopu ena kuti asiye zonse adzaone chinthu chokongola chimene mnzawo wapanga.

Chimene chikuwasautsa kwambiri a Sikweya n'chakuti palibe wowatsutsa. Anene chilichonse, yankho ndi "Inde, bwana." Munthu amene kwa zaka makumi atatu ankadzuka ndi mkangano wokonzakonza, tsopano amapita nawo kuntchito n'kubwerera nawo osaugwiritsa. Anayesa kuupititsa kwa akazi awo, akaziwo anati iwo anakalamba.

Ndiye mwezi wathawu a Sikweya anasonkhanitsa anthu onse m'shopu. Analengeza kuti zidutswa za matabwa, zimene anthu a m'makomo oyandikana amadzatola pa geti kukakolezera moto, kuyambira tsiku limenelo zizitsekeredwa m'chipinda.

"Chabwino, bwana."

Anadikira. "Mwamva bwinobwino? Ndati tizitsekera. Ndi loko."

"Tamva, bwana."

"Ndipo palibe amene ali ndi mawu?"

Anthu anayamba kubwerera ku mabenchi awo.

A Sikweya anamenya benchi mpaka misomali inadumpha. "Abale inu! Munthu mmodzi yekha! Zaka zonsezi munkangoonerera, osatolapo kanthu?"

Mayi Vanishi, munthu amene mawu ake pa tsiku sankakwana khumi, anaika burashi pansi n'kupukuta manja.

"Sizitheka zimenezo, a Sikweya. Anthu aja aphikira chiyani?"

"Ine ndine bambo wawo?"

"Nanga zidutswazo mudya?"

"Ndi katundu wa shopu!"

"Shopu yake ya ndani?"

Anakangana kotala la ola, ocheka atasiya masowo, dalaivala atasuzumira pa zenera. A Sikweya anagonja kotheratu. Anadzaza okha wilibala, n'kuikankha mpaka pa geti, akung'ung'udza njira yonse kuti shopu ino sidzalemera, nkhope ikuwala ngati aipaka vanishi. Atakhuthula zidutswa zija sanabwerere msanga. Anaima pomwepo atafulatira shopu, akupukuta m'maso ndi epuloni. Dalaivala atawayandikira, iwo anafulumira kunena kuti ndi utuchi.

Dalaivala, amene ankaona bwinobwino kuti mphepo ikulowera kwina, anangogwedeza mutu.

"Eya, bwana. Utuchi wa masiku ano ndi woluma."